Khomo Lakumbuyo Linali Lokhoma

3 Febuluwale

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Kuzizira kuja kwachepa? Ndikulemba ine chifukwa Amayi sangagwire cholembera. Musadzidzimuke, ali moyo, ali pampando pompano ndipo akundiyang'ana.

Lachiwiri lapitali kufakitale kunabuka moto, m'chipinda chosokera malaya. Unayambira ku mawaya a pafupi ndi khomo lakutsogolo, ndiye anthu onse anathamangira ku khomo lakumbuyo. Analipeza lomanga ndi unyolo, pali loko. Amayi akuti lakhala choncho kuyambira chaka chatha, pamene mabwana ananena kuti azimayi amatulutsira ulusi kumeneko. Amayi anafika oyamba n'kugwira unyolowo ndi manja onse awiri. Nsalu zounjika pambali pake zinali zitayaka kale, ndipo unyolo unali utatentha. Anthu anapulumukira pa zenera limene mlonda anaswa ali kunja. Onse anatuluka kupatula mayi wa mabatani uja, amene ankakuitanani kuti "mpongozi" mukapita kukadikira Amayi pageti. Anaikidwa Lachisanu.

Manja a Amayi ndi okulunga mabandeji mpaka m'zigongono. Magalasi awo anapsera m'chikwama, ndiye ndine ndimawawerengera Mawu m'mawa ndisanapite kusukulu. Ndimawamwetsa, ndimawaveka nsapato, ndimawamanga duku, ngakhale akuti ndimamanga ngati katundu wa panjinga.

Pa 28 Malichi kubwera anthu ofufuza za ngoziyi. Aliyense amene anali m'chipindamo ayenera kukapereka umboni wolemba ku ofesi yawo tsikulo lisanafike, kenako akaubwereze pakamwa mu holo.

Dzulo kunabwera a Kapitawo kudzationa. Mukuwakumbuka: kuntchito ndiwo amayang'anira Amayi, kutchalitchi ndiwo mkulu wa mpingo. Anabweretsa sopo ndi shuga, ndipo anapemphera nthawi yaitali. Popemphera sanatsinzine. Ndikudziwa chifukwa nanenso sindinatsinzine. Ankayang'ana denga, makoma ndi mazenera, ngati munthu wofuna kudziwa ngati nyumbayi ikufunika penti.

Amayi akuti musalire, ndipo muzidya. Yankhani msanga, pa bokosi la positi la tchalitchi lomwe lija.

Ine mlongo wanu


13 Febuluwale

Kadzidzi wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Amayi. Kalata yako ndawerengera kubafa, chifukwa gogo amene ndimamusamalirayu akaona munthu akulira nayenso amayamba, ndipo akayamba sasiya mpaka madzulo. Ndapempha tchuthi, mwana wake wakana. Akuti ndidikire Julaye.

Manjawo adokotala akuti chiyani? Zala zikupindika? Usandibisire. Ndimakudziwa iwe, umaona zonse n'kunena theka.

Tsono tamvera. Za khomozo Amayi asazitenge ngati katundu wawo. Munali anthu angati m'chipindamo, makumi anayi? Bwanji akhale iwowo? Nyumba imene mukugonamoyo ndi ya kampani, ndipo iwe mayeso ali pafupi. Munthu amene anali mu utsi akhoza kunena kuti sakukumbuka, palibe angamutsutse. Si bodza kwenikweni limenelo, n'kungotseka pakamwa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Uwawerengere mmene ndalemberamu, usakometse.

A Kapitawo uziwapatsa moni bwinobwino. Usamawayang'anitsitse ndi maso ako aja, anthu amaopa.

Kodi wapezako mnzako kusukuluko, kapena ukadali kucheza ndi khoma?

Mchemwali wako


24 Febuluwale

Achemwali,

Moni. Ife tilipo. Kalata yanu tinalandira dzulo titatuluka m'tchalitchi, pamene a Kapitawo amagawa makalata a m'bokosi pakhonde. Zala zitatu zayamba kupindika, zinazo adokotala akuti tidikire. Chala chaching'ono chakumanzere ndi chokhacho chimene moto sunakhudze, ndipo Amayi amandilozera nacho pamene sindinasese bwino.

Ndinawawerengera mmene munalembera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwana wangayu anapita kunja kukasambitsa nkhalamba kapena kukaphunzira uloya?" Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anati, "Ndingaiwale bwanji chinthu cholembedwa m'manja mwangamu? Ukamasula mabandeji unyolo wonse ukuoneka. Ndikaime pamaso pa Mulungu ndinene kuti sindikukumbuka, manjawa ndiwabisa kuti?"

Azimayi ena onse apereka kale umboni wawo. Ndaona mapepala atatu, a anthu a mumzere wathu uno wa nyumba za kampani. Onse akuti khomo linali lotsegula koma utsi unawasokoneza. Mawu ake ndi ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati ana okopera mayeso kwa munthu mmodzi.

Kutchalitchi benchi lathu layamba kukula. Kale tinkapanikizana anthu asanu ndi awiri, dzulo tinalipo awiri. Abusa analalikira za kumvera olamulira, ndipo sanayang'ane mbali yathu ngakhale kamodzi, zimene ndi zovuta chifukwa timakhala kutsogolo kwenikweni. Pobwerera ndinafunsa Amayi ngati malemba sanenadi choncho. Anati amanena, ndipo iwo amvera zaka khumi ndi zinayi, kufika pa nthawi, kusoka makolala mpaka msana kupindika. Koma malemba omwewo amaletsa umboni wonama. Anati, "Sanatilonjeze kuti moto sudzabwera. Anatilonjeza kuti sitidzakhalamo tokha." Ndinkaganiza za mayi wa mabatani.

Pali chimodzi chabwino. Mlonda uja anabwera Lachinayi masana, kudzera kuseri. Akuti iye akanena zonse: kuti loko anagula ndi a Kapitawo, kuti kiyi amayenda naye m'thumba la jekete, ndipo tsiku la motolo anali atapita naye ku ofesi yaikulu. Mlondayo waonda, akuti chakudya sichikumulowa. Amayi anapemphera naye. Ndiye alipo awiri tsopano. Izi musauze munthu.

Galimoto yoyera yayamba kuima pangodya ya msewu wathu, pafupi ndi mpopi. Mumakhala anthu awiri. Satsika, satunga madzi.

Mnzanga sindinapeze. Mnyamata amene ndinkakhala naye desiki imodzi wasamukira kumbuyo. Bambo ake amadula nsalu kufakitale.

Mlongo wanu


4 Malichi

Kadzidzi,

Moni nonse. Ndakondwa ndi za zalazo. Uziwapaka mafuta amene akupatsani kuchipatala, usamaiwale mmene umaiwalira kupesa.

Za mlondazo zandipumitsa mtima. Ngati iye akanene za loko ndi za kiyi wa m'jekete mwa a Kapitawo, basi nkhani yatha, Amayi safunikanso. Iyeyo alibe mwana wa sukulu, ndipo ndi amene akudziwa zambiri. Amayi angonena kuti anapsa, zimene ndi zoona. Chilungamo chituluka, nyumba ikhala. Uwafotokozere choncho, iwe amakumvera.

Usaganize kuti ndinasiya kupemphera. Koma ndinaona mmene tinavutikira Bambo atamwalira, anthu atatu m'kachipinda ka eni ake, iwe ukutsokomola osalekeza, mwini nyumba akumenya khoma kuti tikutontholetse. Unali wamng'ono, sukukumbuka. Ine ndikukumbuka. Chikhulupiriro sichifolera denga.

Galimotoyo usamaiyang'ane. Ndilembere msanga.

Mchemwali wako


17 Malichi

Achemwali,

Musalembenso pa bokosi la tchalitchi. Ndayamba ndi zimenezi moni asanabwere kuti musaziphonye. Moni.

Kalata yanu ya pa 4 anandipatsa dzulo. Chidindo cha positi ya kuno chikuonetsa kuti inafika pa 11, Lachiwiri. Envulopu inali yomata ndi guluu wachikasu, wochuluka, wotulukira m'mbali. Guluu ameneyo ndimamudziwa, ndi wa mu ofesi ya tchalitchi, amamatira zidziwitso pa bolodi. Ndinakatenga envulopu ya kalata yanu yoyamba m'kabati. Nayonso ili chimodzimodzi. Ine amene mumati ndimaona zonse, sindinaone.

Kiyi wa bokosilo amasunga ndi a Kapitawo. Akhala akusunga ine ndisanabadwe, ndipo palibe anaganizapo kanthu, chifukwa makalata a mpingo wonse amadzera mmenemo.

Mlonda kulibe. Kalata inafika Lachiwiri, Lachinayi m'mawa nyumba yake inali yopanda makatani. Ena akuti amusamutsira ku nthambi ina, ena akuti wapita kwawo kukadwazika. Mphaka wake akadali pakhomo. Nsapato zake za ntchito zili pa zenera pamene anaziyanika. Kodi munthu womusamutsa ntchito amasiya nsapato za ntchito?

Sindikukuimbani mlandu. Inu simunauze munthu, munangondiyankha. Amene anayamba kumulemba papepala ndine.

Amayi nditawauza anati timupempherere. Ndinagwada nawo koma mawu sanabwere. Atsala okha tsopano.

Dzulo potipatsa kalatayo a Kapitawo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mnyamata, chikhulupiriro sichifolera denga." Anamwetulira. Amayi anali asanamve zimene munalemba, ndiye anangoti, "Zikomo, abambo."

Muzilemba kudzera kusukulu, pa dzina la aphunzitsi a masamu. Ndawapempha ndipo avomera, ngakhale anayamba ayang'ana kaye kukhomo.

Mlongo wanu


17 Malichi

Kadzidzi,

Moni. Bwanji kuli zii? Masabata awiri popanda yankho. Mwandikwiyira? Masiku akutha, ndipo ine kuno dzulo ndamuthirira gogo mchere mu tiyi.

Ngati Amayi akukanabe, ndiye ndilankhule ndi iwe, ndipo ndime iyi usawawerengere. Umboni wolembawo alembe ndani? Iwe. Amayi sangalembe, sangawerenge. Iwe ndiwe manja awo, ndiwenso maso awo. Lemba zimene zingawasiye m'nyumba, iwo adinde chala. Pepala likalowa lalowa, mu holomo akangowafunsa ngati chalacho n'chawo. Iwo sakhala atanama chifukwa sakudziwa. Tchimolo ndisenza ine, ndine ndakutuma. Mulungu akadzafunsa udzanene kuti anali achemwali.

Sindinakupemphepo kanthu chibadwire chako. Wakula tsopano.

Mchemwali wako


27 Malichi

Achemwali,

Moni. Ndikukhulupirira kuti kalata yanga ya pa 17 yafika, ndipo mwadziwa amene anayamba kuwerenga yanuyi.

A Kapitawo sanadikire Lamulungu. Lachiwiri anabwera nayo kusukulu. Anandiitanitsa m'kalasi, tinakaima kuseri kwa laibulale. Ulendo uno sanavutike n'komwe ndi kumata. Anati, "Mchemwali wako ndi mwana wanzeru. Werenga, ndikudikira." Nditamaliza anatulutsa pepala lotayipa, la mawu omwe aja a anthu a mumzere. Anati ndikopere ndi dzanja langa kuti lioneke lapakhomo.

Ndinati, "Mlonda ali kuti?"

Anati, "Ali bwino kumene aliko. Iwe ganizira za mayi ako." Kenako anatsitsa mawu. "Ukuganiza kuti ine zikundikomera? Malemu aja ndinaimba nawo kwaya zaka makumi awiri. Loko ndinachita kuuzidwa kuti ndiike. Fakitale ikatsekedwa, mizere yonseyi idya chiyani? Wakufa sadzuka ndi pepala, mwanawe. Wakutsina khutu ndi mnansi." Zimenezo zinandiopsa kuposa kumwetulira kuja.

Ndinakopera, achemwali. Ndinatsalira m'kalasi nthawi yopuma, ndekha monga mwa masiku onse, ndipo ndinalemba bwinobwino osafufuta paliponse.

Dzulo masana ndinaika pepalalo patebulo, pamodzi ndi kabokosi ka inki kamene anandipatsa. Amayi anali atandiuza kale mawu awo sabata yatha, ndiye ndinangoti ndawalemba poyera. Anatambasula chala chaching'ono chija, ndinachigwira, ndinachiviika mu inki. Chinali pamwamba pa pepala pamene anati, "Tawerenga kaye, ndimve ngati sunandikometsere."

Mawu awo enieni ndimawadziwa pamtima. Ndikanatha kuyang'ana pepala n'kumanena amenewo, ndipo ndinali nditakonzeka kutero, ndinayeserera m'njira yonse yochokera kusukulu. Koma anakhala mmene amakhalira m'mawa ndikamawawerengera Mawu, mutu atapendeketsa, okonzeka kukhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa panga. Ndinadzifunsa kuti ndikachita izi, mawa m'mawa ndiwawerengera bwanji?

Ndinawerenga zimene zinalembedwa. "Khomo lakumbuyo linali lotsegula. Utsi unandisokoneza. Manja ndinapsa pogwira makina." Mpaka pansi.

Inki inadontha pa nsalu ya patebulo. Anati, "Dzanja ndi la ndani?"

Ndinati langa.

"Nzeru?"

Sindinakutchuleni, koma akudziwa.

Ndinkadikira kuti akalipe. Anangoti, "Ukuchita mantha." Ndinavomera. Anati, "Nanenso. Kuyambira tsiku lija. Umaganiza kuti ndikamaimba kubafa ndiye kulimba mtima?" Kenako anati, "Tenga pepala lina. Ndipo mizere iwongoke, usandichititse manyazi kwa anthu ophunzira."

Ndinalemba, anadinda. Lero m'mawa ndajomba phunziro loyamba, ndakapereka ndekha ku ofesi ya ofufuza. Galimoto yoyera inanditsata pang'onopang'ono kuchokera pa mpopi mpaka pakhomo pa ofesiyo, osandipitirira. Pepala lotayipa la a Kapitawo Amayi akuti ndisang'ambe, apita nalo mawa.

Munandipempha chinthu chimodzi chokha ndipo ndalephera. Mundikhululukire.

Mlongo wanu


29 Malichi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi mlongo wako, ndipo akamaliza andiwerengera kawiri.

Uli bwanji? Ukudya? Sindinakukwiyire. Unafuna kundisenzera tchimo ngati ndi ndowa ya madzi. Silisenzeka choncho, mwanawe, koma mtima wako ndauona.

Dzulo ndinalankhula. Holo inadzaza. Anzanga amene ndasoka nawo zaka zonsezi anakhala mizere itatu, onse kuyang'ana pansi ngati ataya singano. Anandifunsa za khomo, ndinati linali lokhoma. Anandifunsa ngati ndikutsimikiza, poti ena onse anena zina. Ndinapempha kuti andimasule mabandeji. Anayang'ana. Wina analemba, wina anayang'ana wotchi. Ndinawapatsanso pepala lotayipa lija n'kunena kumene linachokera. Akuti zotsatira zidzatuluka m'tsogolo, sananene kuti liti. Mwamuna wa malemu anali ataima kumbuyo. Sanandilankhule, anangovula chipewa pamene ndinkadutsa.

Titafika kunyumba tinapeza kalata pansi pa chitseko. Tituluke pofika Lachisanu. Za ntchito sanatchule, koma munthu sasoka ndi zigongono. Kopita sitinapeze. Ndagogoda makomo awiri a anthu a mpingo, konseko akuti kwabwera alendo. Usatumize kalikonse mpaka tikuuze kumene tili. Za mlonda sitinamvebe kanthu. Uzimutchula ukamapemphera.

Sindikuuza kuti mtima uli m'malo, ndinganame, ndipo mwezi uno ndatopa nazo zonama. Ndikuopa. Koma amene ndamutumikira kuyambira ndili mtsikana sanandiuze kuti ndizimutsata pokhapokha kukacha bwino. Iwe gwira ntchito yako, usathawe kumeneko chifukwa cha ife.

Mawa kuli Mgonero. Abusa atumiza uthenga kuti mwina ndiyambe ndapuma kunyumba mpaka zinthu zizizire. Ndayankha kuti tebulolo si lawo. Ndipita.

Mayi ako

Achemwali, pansi pano ndawonjezera ine, ndipo izinso ndawawerengera. Galimoto ija lero yachoka pa mpopi, yaima pageti pathu penipeni. Mawa mzere wakutsogolo amene amagawa chikho ndi a Kapitawo. Amayi sangachigwire okha, ndiye wogawayo ayenera kuwamwetsa ndi manja ake, mpingo wonse ukuona. Ndawafunsa ngati tikakhale kumbuyo, kumene amagawa mkulu wina. Akuti ayi, ndipo ndisite malaya oyera. Ndawafunsanso kuti nanga a Kapitawo akafika pa iwo n'kupitirira? Akuti zimenezo n'za a Kapitawo. Iwo akangokweza mutu n'kudikira.